Kubios HRV pa odwala oziziritsidwa mtima utaima: imawerenga bwino, koma kumasulira kumatsalira inu

Mtima wa munthu wathanzi sugunda mofanana nthawi zonse. Ngakhale munthu atakhala phee pampando, mpata wa pakati pa kugunda kumodzi ndi kotsatira umatalika ndi kufupika pang'ono, mwina ndi mamilisekondi 30 kapena 50, ndipo kusinthasintha kumeneku kumachokera ku mitsempha yotumiza mauthenga imene imayendetsa ziwalo zam'kati popanda mwiniwake kuziganizira. Munthu akamakoka mpweya mtima umafulumira pang'ono, akamautulutsa umachedwa, ndipo wochititsa zimenezi kwambiri ndi mtsempha wa vagus, umene umachokera m'tsinde la ubongo n'kutsikira kumtima. Mitsempha ya mbali ina, ya sympathetic, ndiyo imafulumizitsa mtima ndi kufinya njira za magazi pamene thupi lili pamavuto. Madokotala amatchula muyeso wa kusinthasintha kumeneku kuti HRV, ndipo mwa mapulogalamu a pakompyuta owerengera muyesowu, Kubios HRV ndi imodzi mwa zodziwika kwambiri pakati pa ochita kafukufuku.

Pulogalamuyi inayambira ku University of Kuopio m'dziko la Finland, sukulu imene mu 2010 inaphatikizana ndi ya ku Joensuu n'kukhala University of Eastern Finland. Gulu la Mika Tarvainen ndilo linaikonza ndi kuifotokoza m'magazini a sayansi mu 2004 ndi mu 2014, ndipo kuyambira 2016 ikuyendetsedwa ndi kampani yotchedwa Kubios Oy. Anthu ambiri amaigwiritsa ntchito pa ochita masewera, pa anthu opanikizika m'maganizo kapena pa ophunzira amene akhala pansi mphindi zisanu akupuma mwakufuna kwawo. Ine ndimaigwiritsa ntchito pa gulu lina la anthu, amene ali kutali kwambiri ndi amenewo: odwala amene mtima wawo unaima, n'kuyambitsidwanso, koma sanatsitsimuke, ndipo agonekedwa m'chipinda cha odwala mwakayakaya thupi lawo litaziziritsidwa dala. Chimene ndapeza n'chakuti pa ntchito yoyeretsa zojambula za mtima ndi kuwerengera manambala, pulogalamuyi ndi yodalirika kwambiri, koma mbali zake zimene zimayesa kukuuzani tanthauzo la manambalawo zinakonzedwera munthu wogalamuka, wofunda ndi wodzipumira yekha, choncho pa wodwala wozizira zikhoza kukusocheretsani.

Kuti nkhaniyi imveke, tiyenera kukumbukira chifukwa chimene odwalawa amaziziritsidwira. Mtima ukaima, ubongo umasowa magazi, ndipo ngakhale mtimawo utayambanso, maselo a ubongo amapitirizabe kuwonongeka kwa maola ndi masiku otsatira. Kuzizira kumachepetsa mpweya ndi chakudya chimene ubongo umafuna, pafupifupi maperesenti 6 kapena 7 pa digiri iliyonse imene thupi latsika. Mu 2002 magazini ya New England Journal of Medicine inatulutsa kafukufuku wa magulu awiri amene anasintha kasamalidwe ka odwalawa. Woyamba, wotchedwa HACA, anachitikira m'zipatala za ku Ulaya pa odwala 275, ndipo mwa oziziritsidwa kufika madigiri 32 mpaka 34 kwa maola 24, maperesenti 55 anachira bwino ubongo, pamene mwa osaziziritsidwa anachira bwino anali maperesenti 39. Wachiwiri anatsogoleredwa ndi Stephen Bernard ku Melbourne pa odwala 77, amene ena mwa iwo anasungidwa pa madigiri 33 kwa maola 12, ndipo zotsatira zake zinaloza mbali yomweyo.

Pambuyo pake chithunzi chinasintha. Kafukufuku wa TTM wa 2013, wotsogoleredwa ndi Niklas Nielsen wa ku Sweden, sanapeze kusiyana pakati pa madigiri 33 ndi 36. Wa TTM2 wa 2021, wa odwala 1,900, anayerekeza madigiri 33 ndi kungoteteza kuti thupi lisatenthe, ndipo omwalira pakutha pa miyezi 6 anali maperesenti 50 kumbali yozizira ndi 48 kumbali inayo, pamene kusokonekera kwa kagundidwe ka mtima kofooketsa kayendedwe ka magazi kunachuluka mwa oziziritsidwa, maperesenti 24 poyerekeza ndi 17. Komabe kafukufuku wa HYPERION wa ku France wa 2019 anapeza phindu la madigiri 33 mwa odwala amene mtima wawo unaima m'njira yosafuna kudzidzimutsidwa ndi magetsi. N'chifukwa chake lero zipatala zimasiyana: zina zimaziziritsabe, zina zimatsata malangizo a 2022 a ERC ndi ESICM (mabungwe a ku Ulaya oona za kutsitsimutsa anthu ndi kusamalira odwala mwakayakaya) oletsa thupi kupitirira madigiri 37.7 kwa maola osachepera 72. Wofufuza HRV amakumana ndi zojambula za mitundu yonseyi, ndipo ayenera kudziwa kuti chilichonse chinatengedwa pa kutentha kotani.

Chimene chimakokera ofufuza ku HRV ndi funso limene abale a wodwala amafunsa tsiku ndi tsiku, loti kodi m'bale wawoyo adzadzuka. Popeza vagus ndi mitsempha ya sympathetic zimalamulidwa kuchokera ku ubongo, n'zomveka kuganiza kuti mtima umene ukusinthasinthabe kagundidwe kake ukuonetsa kuti mbali zina za ubongo zikugwirabe ntchito, pamene mtima wogunda mofanana ndendende ukhoza kusonyeza kuti mauthenga adukiratu. Marjaana Tiainen ndi anzake ku Helsinki anafalitsa mu 2009 zotsatira za odwala 70 amene anajambulidwa ECG (mzere woonetsa magetsi a mtima pa kugunda kulikonse) usana ndi usiku, ndipo anapeza kuti pa tsiku loyamba HRV inali yokwera mwa oziziritsidwa, komanso kuti mwa oziziritsidwawo SDNN (muyeso wa mmene mipata ya kugunda yatalikirana ndi avareji yake) yopitirira mamilisekondi 100 pa tsiku lachiwiri inkayendera limodzi ndi kuchira bwino. Ofufuza a ku Oslo ndi ku Copenhagen anapezanso kuti odwala amene mtima wawo unkachedwa kwambiri pa madigiri 33 ankachira bwino kuposa amene mtima wawo unkathamangabe. Zimenezi n'zopatsa chidwi ndithu, koma ena mwa magulu a odwalawo anali ang'onoang'ono, ndipo wofuna kuzitsimikizira amafunika chida chowerengera chimene angachikhulupirire.

Ntchito imayambira pa kupeza zojambula zoyenera, ndipo apa pali msampha umene umagwira oyamba kumene. Manambala a kugunda kwa mtima amene amaoneka pa makina a pambali pa bedi, monga 52 kapena 48, ndi avareji ya masekondi angapo, choncho sangathe kuwerengeredwa HRV. Chofunika ndi mzere weniweni wa ECG, kapena mndandanda wa mipata ya pakati pa kugunda kulikonse. Malangizo a 1996 a European Society of Cardiology ndi North American Society of Pacing and Electrophysiology, amene mpaka lero ndiwo maziko a ntchito imeneyi, amalimbikitsa kuti ECG ijambulidwe maulendo 250 mpaka 500 pa sekondi kapena kuposa pamenepo, ndipo mfundo imeneyi imakula kwambiri pa odwala athuwa, chifukwa pamene kusinthasintha kuli kochepa, kulakwitsa kwa mamilisekondi owerengeka kumafanana kukula ndi chimene mukufuna kuyeza. Amene alibe odwala akeake akhoza kutenga zojambula za I-CARE pa intaneti ku PhysioNet, zimene zinatulutsidwa pa mpikisano wa 2023. Nkhokwe imeneyi ili ndi odwala 1,020 ochokera m'zipatala 7 za ku America ndi ku Ulaya, ndipo gawo la odwala 607 ndi lotseguka kwa aliyense. Cholinga chake chachikulu chinali mafunde a ubongo, koma odwala ambiri ali ndi ECG yojambulidwa nthawi yomweyo, ndipo zikalata zawo zimasonyeza ngati anasungidwa pa madigiri 33 kapena 36. Mafailowo amafunika kuwasandutsa kaye kukhala mtundu wa failo wotchedwa EDF kapena mndandanda wamba wa manambala musanawatsegule mu Kubios.

Pulogalamuyi ili m'mitundu iwiri. Waulere umalandira mndandanda wa mipata ya kugunda, monga umene umachokera ku malamba a pachifuwa a Polar kapena Garmin, ndipo pa ophunzira ndi wokwanira. Wolipira, wotchedwa Scientific, ndiwo umatsegula ECG yeniyeni, umapeza wokha nsonga ya R (nsonga yaitali imene kugunda kulikonse kumajambula pa ECG), umayerekeza kapumidwe kuchokera mu ECG, ndipo umaonetsa mmene miyeso ikusinthira m'kupita kwa maola. Pa odwala oziziritsidwa sindingalangize munthu kudalira waulere wokha, chifukwa popanda kuona mzere wa ECG ndi maso anu simungasiyanitse kugunda kwenikweni ndi phokoso la minofu.

Apa ndi pamene Kubios imandisangalatsa kwambiri. Mukatsegula failo, ECG imaoneka pamwamba ili ndi kachizindikiro pa nsonga iliyonse imene pulogalamu yaipeza, ndipo pansi pake pamakhala mzere wa mipata ya kugunda, kotero kuti mukaona kadontho kodumpha pansipo mukhoza kubwerera nthawi yomweyo pamwamba n'kuona chimene chinachitika pa sekondi imeneyo. Wodwala wozizira amanjenjemera, makamaka pamene thupi likutsika kudutsa madigiri 35, ndipo kunjenjemerako kumaoneka pa ECG ngati timano tating'onoting'ono tothinana timene timakwirira mzere wonse. Nthawi zina kamodzi mwa timanoto kamatalika mokwanira kuti kawerengedwe ngati kugunda, ndipo pamenepo mpata umodzi wa mamilisekondi 1,200 umagawika pawiri, wina 400 wina 800. Kulakwika kumodzi kotereku m'mphindi zisanu kukhoza kukweza kangapo RMSSD (muyeso wa kusiyana kwa mpata uliwonse ndi wotsatira) pa wodwala amene mtima wake ukugunda pafupifupi mofanana, n'kumuonetsa ngati ali ndi vagus yamphamvu pamene si choncho. Kuzizira kumasinthanso maonekedwe a ECG yeniyeniyo: mpata wa QT (nthawi imene zipinda zam'munsi za mtima zimatenga kuyambira kufinya mpaka kukonzekanso) umatalika, ndipo kumapeto kwa QRS (chigawo cha mzere chimene muli nsonga ya R) kumatuluka kalinunda kotchedwa Osborn, kamene pa odwala ena kamakula mpaka kupikisana ndi nsonga ya R. Mu Kubios mukhoza kuchotsa kapena kuwonjezera chizindikiro cha kugunda ndi dzanja lanu, manambala onse n'kusintha pomwepo mukuona, ndipo mwayi umenewu wokha ndi umene umandichititsa kunena kuti ndalama ya mtundu wolipira simapita pachabe.

Kuwonjezera pa kukonza ndi dzanja, pali njira ziwiri zokonzera kugunda kolakwika. Yakale imayerekeza mpata uliwonse ndi mipata yoyandikana nawo, ndipo inu mumasankha mlingo wa kusiyana kololedwa, kuyambira masekondi 0.45 pa mlingo wofewa kwambiri mpaka 0.05 pa mlingo wolimba kwambiri. Yatsopano, imene Jukka Lipponen ndi Tarvainen anaifalitsa mu 2019, imadzisinthira malire malinga ndi mmene mtima wa munthuyo ukusinthira, ndipo imasiyanitsa kugunda kobwera msanga, kophonyedwa ndi kowerengedwa kawiri. Mtima umene wangochoka kumene m'kuima umakhala wosakhazikika, umaponya kugunda kosayembekezereka kochokera m'zipinda zam'munsi, choncho njira yachiwiriyi imapulumutsa maola ambiri a ntchito. Chimene ndimachiyamikira kwambiri n'chakuti pulogalamu imakulemberani poyera kuchuluka kwa kugunda kumene yakonza m'gawo limene mwasankha. Ofufuza ambiri amataya gawo lililonse limene zokonzedwa zapitirira maperesenti 5, ndipo ine ndimagwirizana nawo, chifukwa kugunda kokonzedwa ndi kongoyerekeza, ndipo kukachuluka mumakhala mukuyeza masamu a kompyuta m'malo moyeza mtima wa wodwala. Mlingo wolimba kwambiri wa njira yakale ndi woyenera kuupewa, popeza umafafaniza ngakhale kusinthasintha kwenikweni.

Pali odwala amene sayenera kulowa n'komwe m'chiwerengero chotere. Amene mtima wawo uli mu atrial fibrillation (kunjenjemera kopanda dongosolo kwa zipinda zam'mwamba za mtima), ndi amene akuyendetsedwa ndi pacemaker (kachipangizo kogunditsa mtima ndi magetsi), kagundidwe kawo sikachokera pamalo pamene mitsempha imalamulira. Kubios idzakupatsanibe manambala pa iwo, ndipo pa atrial fibrillation manambalawo adzakhala okwera mochititsa kaso, choncho ndi udindo wa wofufuza kuyang'ana mafunde a P (timafunde tating'ono totsogolera kugunda kulikonse kwabwinobwino pa ECG) asanakhulupirire chilichonse.

Chinthu china chimene ambiri amachidutsa osachiona ndi kachitidwe kochotsa kusintha kwapang'onopang'ono m'mzere wa mipata. Pulogalamuyi imabwera itatchera kale njira yotchedwa smoothness priors pa nambala 500, imene imachotsa mafunde ochedwa kwambiri, a pansi pa 0.04 Hz kapena cha pamenepo (Hz ndi chiwerengero cha mafunde pa sekondi). Pa wodwala amene akufunditsidwa pang'onopang'ono, kotala kapena theka la digiri pa ola, mtima umakhala ukufulumira mosalekeza, ndipo kukwera kumeneku kukapanda kuchotsedwa kumakweza SDNN popanda mitsempha kuchitapo kanthu. Pamenepa njirayi imathandiza. Koma mafunde ochedwa omwewo, otchedwa VLF, ndi amene akatswiri ambiri amawagwirizanitsa ndi kayendetsedwe ka kutentha kwa thupi ndi mahomoni, ndipo pa munthu woziziritsidwa mbali imeneyo ndiyo ingakhale nkhani yeniyeni. Kuwonjezera apo, SDNN ya mphindi zisanu yoyeretsedwa motere singayerekezedwe ndi SDNN ya maola 24 monga ija ya ku Helsinki, ngakhale dzina lake ndi limodzi. Njirayi mukhoza kuizimitsa kapena kusintha nambala yake mosavuta, ndipo chimene mwasankha chimalembedwa mu lipoti. Chofunika n'chakuti musankhe mukudziwa, n'kusunga kachitidwe kamodzi pa odwala onse.

Tikafika pa kugawa HRV m'mafunde, vuto lalikulu ndi makina othandizira kupuma. Malangizo a 1996 anaika LF (mafunde ochedwa) pakati pa 0.04 ndi 0.15 Hz, ndi HF (mafunde othamanga) pakati pa 0.15 ndi 0.40 Hz, ndipo HF imatengedwa ngati chizindikiro cha vagus chifukwa munthu wamkulu wodzipumira yekha amapuma m'malire amenewo. Wodwala wathu sadzipumira. Ngati makina atcheredwa pa maulendo 15 pa mphindi, pa chithunzi cha mafunde mumaona nsonga imodzi yopyapyala itaima chilili pa 0.25 Hz, yakuthwa kuposa imene mungaione mwa munthu aliyense wogalamuka. Thupi lozizira limatulutsa mpweya woipa wochepa, choncho madokotala nthawi zambiri amatsitsa liwiro la makina, ndipo likatsika pansi pa maulendo 9 pa mphindi nsonga ija imadutsa malire n'kugwera mu LF. Pamenepo HF imaoneka ngati yatha, LF ngati yakula, ndipo wowerenga lipoti mosasamala adzalemba kuti mitsempha ya sympathetic yalamulira, pamene chasintha ndi batani limodzi pa makina. Tiyeneranso kukumbukira kuti makina amakankhira mpweya m'mapapo, kusiyana ndi kupuma kwachibadwa kumene chifuwa chimakoka mpweya, ndipo kukankha kumeneko kumasintha magazi obwerera kumtima ndi kutambasula khoma la mtima, kotero kuti gawo lina la nsonga ija silichokera ku vagus konse. Kubios Scientific imathandiza pano m'njira ziwiri: imayerekeza liwiro la kupuma kuchokera mu ECG n'kulionetsa pa chithunzi chomwecho, ndipo imalola kusuntha malire a LF ndi HF. Ine ndimayerekezabe liwiro limene yapeza ndi limene linalembedwa pa tchati cha wodwala pamene tchaticho chilipo.

Mtima wochedwa umabweretsa vuto lina la masamu. Popeza HRV imayezedwa kamodzi pa kugunda kulikonse, mafunde othamanga kuposa theka la liwiro la mtima sangaoneke molondola. Mtima wogunda maulendo 48 pa mphindi umalola kuona mpaka 0.40 Hz basi, ndipo wogunda maulendo 42 umalekezera pa 0.35 Hz, kutanthauza kuti kumtunda kwa HF kumakhala kopanda maziko mwa odwala omwewo amene kafukufuku wa ku Copenhagen anawaona kuti amachira bwino. Za chiwerengero cha LF/HF ndinena mwachidule: David Goldstein ndi anzake mu 2011, ndi George Billman mu 2013, anafotokoza momveka kuti LF si muyeso wa mphamvu ya sympathetic pamtima ndipo LF/HF siyeza kulimbana kwa mbali ziwirizo. Pulogalamu imachiwerengerabe chifukwa anthu amachifuna, koma pa odwala awa sindichiika m'zolemba zanga.

Mbali imene ndimaikayikira kwambiri ndi imene imakopa maso kuposa zonse, yomwe ndi PNS index ndi SNS index. Manambala awiriwa amaikidwa patsogolo pa zotsatira ndi zithunzi zosavuta kumva, woyamba akuimira vagus ndipo wachiwiri akuimira sympathetic, ziro akutanthauza munthu wamba wathanzi. PNS index imapangidwa kuchokera ku avareji ya mpata wa kugunda, RMSSD ndi SD1 (kusinthasintha kwa nthawi yochepa), pamene SNS index imachokera ku liwiro la mtima, muyeso wa Baevsky (wa kupanikizika kwa thupi) ndi SD2 (kusinthasintha kwa nthawi yotalikirapo), ndipo maziko ake ndi anthu athanzi opumula amene David Nunan ndi anzake anawasonkhanitsa mu 2010, omwe avareji ya mpata wawo inali mamilisekondi 926 ndipo RMSSD inali 42. Tsopano taganizirani wodwala wa pa madigiri 33 amene mtima wake ukugunda maulendo 45 pa mphindi. Mpata wake ndi mamilisekondi 1,333, kutali kwambiri ndi 926, choncho PNS index imakwera ndipo SNS index imatsika. Koma kuzizira kumachedwetsa maselo oyambitsa kugunda mwachindunji, ngakhale mumtima umene mitsempha yake yonse inadulidwa, ndipo mpata ukatalika kusinthasintha kwake kumakulanso mwa masamu okha, monga anasonyezera Oliver Monfredi ndi anzake mu 2014. Zili ngati sikelo ya pamsika imene imanena zoona za kulemera kwa thumba la chimanga, koma singakuuzeni ngati chimangacho chauma kapena chalemera ndi chinyezi. Manambala awiriwa ali ndi ntchito yake pa wothamanga woyeza mmene wapumulira m'mawa, ndipo okonza pulogalamuyi sabisa kuti maziko ake ndi anthu athanzi. Pa wodwala woziziritsidwa ndi bwino kuwasiya, n'kulemba RMSSD ndi SDNN pamodzi ndi liwiro la mtima ndi kutentha kwa thupi pa nthawiyo, komanso kuwerengera padera miyeso yogawidwa ndi avareji ya mpata kuti mphamvu ya kuchedwa kwa mtima ichepe.

Palinso zimene pulogalamu iliyonse singazidziwe pokhapokha inu mutazilemba pambali. Wodwala woziziritsidwa amakhala pa propofol kapena midazolam kuti agone, pa fentanyl kapena remifentanil kuti asamve ululu, nthawi zambiri pa noradrenaline kuti magazi asatsike mphamvu, ndipo ena analandira atropine kapena amiodarone pa nthawi yowatsitsimutsa. Atropine imatseka vagus pamtima, mankhwala ogonetsa amachepetsa HRV, pamene mankhwala a ululu amphamvu ndi dexmedetomidine amachedwetsa mtima. Chiwindi chozizira chimachedwa kuchotsa mankhwala, choncho mlingo womwewo umakhalitsa m'thupi pa madigiri 33 kuposa pa 37. Wodwala amene anapatsidwa mankhwala ofooketsa minofu kuti asiye kunjenjemera amakhala ndi ECG yoyera bwino, pamene amene sanapatsidwe zojambula zake zambiri zimatayidwa chifukwa cha phokoso, ndipo kusankhana kumeneku kukhoza kupotoza zotsatira za kafukufuku yense mwakachetechete. Ngakhale anamwino akamatembenuza wodwala kapena kuyamwa makhololo m'paipi yopumira, mtima umalumpha kwa mphindi zingapo, choncho gawo loyezedwa liyenera kusankhidwa kutali ndi nthawi zoterozo.

Pa kagwiritsidwe ntchito ka tsiku ndi tsiku, Kubios imayenda pa Windows, macOS ndi Linux, koma imadalira MATLAB Runtime, imene ndi failo yaikulu yofuna intaneti yolimba pa tsiku loikamo, ndipo zojambula za maola ambiri zimafuna kompyuta yamphamvu ndithu. Zotsatira zimatuluka ngati PDF yowerengeka bwino, komanso ngati CSV yolowetsa m'mapulogalamu a masamu. Miyeso ina yoona dongosolo la kusinthasinthaku, monga sample entropy ndi DFA, ilimo kale, ndipo ofufuza ena amaiona kuti ndi yothandiza pa odwala ovulala ubongo. Amene ali ndi odwala mazanamazana, aliyense wojambulidwa masiku atatu, adzapeza kuti NeuroKit2 ya Python kapena RHRV ya R, zomwe ndi zaulere, zimayendetsa mulu wa mafailo mofulumira, koma zimafuna luso lolemba malamulo a kompyuta ndipo sizikuonetsani kugunda kulikonse mosavuta chonchi. Njira imene ndimaiona yanzeru ndi kuyendetsa mulu wonse m'zida zimenezo, kenako n'kutsegula magawo osankhidwa mu Kubios kuti mutsimikize ndi maso kuti nsonga zikupezedwa molondola.

Mfundo imodzi ndiyenera kuinena mosapita m'mbali, chifukwa imakhudza moyo wa munthu. Kubios ndi chida cha kafukufuku, ndipo nambala yochokera mmenemo siyenera kugwiritsidwa ntchito pouza abale kuti wodwala wawo sadzadzuka, kapena posankha kusiya chithandizo. Malangizo a ERC ndi ESICM a 2021 ananena kuti padutse maola osachepera 72, mankhwala ogonetsa atachoka m'thupi, ndiponso kuti papezeke zizindikiro zosachepera ziwiri mwa izi: mboni ndi cornea (mbali yoonekera ya kutsogolo kwa diso) zosayankha, kusowa kwa funde la N20 (yankho la ubongo pamene mtsempha wa padzanja wagwedezedwa ndi magetsi) mbali zonse ziwiri, EEG (chojambula cha mafunde a ubongo) yoipa kwambiri, NSE (chizindikiro cha m'magazi cha kuwonongeka kwa maselo a ubongo) yopitirira mamaikulogalamu 60 pa lita, kugwedezeka kosalekeza kwa minofu m'masiku atatu oyamba, kapena kuwonongeka kwakukulu kooneka pa CT kapena MRI. HRV mulibe pamndandandawu. Chiyembekezo changa n'chakuti tsiku lina idzathandiza mbali inayo, yozindikira msanga odwala amene ubongo wawo ukulimbabe, chifukwa ECG imajambulidwa kale pa bedi lililonse popanda kubaya wodwala kapena kumunyamula kupita kumakina ena, koma zimenezo zidzafuna kafukufuku wa odwala ambiri woyeza kutentha, mankhwala ndi kapumidwe pamodzi.

Ndikulangiza mtundu wa Scientific kwa madokotala, anamwino ndi ophunzira a digiri yachiwiri kapena yachitatu amene ali ndi ECG yeniyeni ya odwala makumi angapo ndipo akufuna kuona kugunda kulikonse asanakhulupirire nambala. Ophunzira a ku Kamuzu University of Health Sciences kapena a ku University of Zambia amene akufuna kuphunzira nkhaniyi akhoza kuyamba ndi mtundu waulere ndi mipata ya kugunda yotengedwa ku PhysioNet, osalipira kanthu, ndipo luso lomwelo limagwiranso ntchito pa matenda amene timawadziwa bwino kwathu, monga kafumbata, amene amasokoneza kwambiri mitsempha yomweyi ndipo ofufuza a ku Hospital for Tropical Diseases mumzinda wa Ho Chi Minh City akhala akuwayeza ndi HRV. Musanatsegule failo yoyamba, konzani tebulo la kutentha kwa thupi, liwiro la makina opumira, mankhwala ndi nthawi imene yadutsa chiimireni mtima pa gawo lililonse limene mudzayeze, ndipo musankhiretu malire a mafunde ndi njira yoyeretsera imene mudzaisunge pa odwala onse.